Kodi Naruto anatinamiza pa nkhani ya khama?

Uthenga uwu, wokhudza Naruto, katuni ya ku Japan (anime) ya mwana wamasiye wofuna kudzakhala Hokage, mtsogoleri wa mudzi wa ma ninja wa Konoha, unabwera ku inbox sabata yatha, ndaufupikitsa pang'ono koma mawuwa ndi ake:

"Akulu, ine ndi mnyamata wa zaka 22, ndimakhala ku Zomba. Naruto ndinayamba kuonera ndili Fomu 1 pa foni ya msuweni wanga. Makolo anga onse anamwalira ndili wamng'ono, ndinakulira kwa agogo, nde mwana uja akakhala yekha pa katungwe anzake akutengedwa ndi makolo awo ndinkangodziona ndekha. Ndinkati ngati iyeyu wopanda aliyense akutha, inenso nditha. Chaka chino ndamaliza Shippuden yonse ndipo mtima ukundiwawa. Kani bambo ake anali Hokage, mayi ake a fuko lamphamvu, m'mimba muli chilombo chomupatsa mphamvu, kumapeto akutinso ndi mzimu wa munthu wina wakalekale wobadwanso. Khama lili pati apa? Neji uja sankanena zoona? Nditalemba izi pa gulupu ya WhatsApp anzanga anandinyoza mpaka admin kunditulutsa. Ndalakwa? Kapena ndangokula basi, ndisiye zamakatuni?"

Achimwene, choyamba pepani za makolo, ndipo zikomo kuti mwandikhulupirira ndi nkhani ngati imeneyi. Simunalakwe ayi, komanso si inu woyamba kufunsa. Mkangano umenewu unayamba manga, nkhani ya zithunzi imene katuniyi inachokerako, isanathe nkomwe mu 2014 ndipo mpaka lero sunazime. Ine anime ndakhala ndikutsatira zaka zoposa 15, kuyambira nthawi ya ma DVD ogula pamsika aja odzaza ma episodi mpaka chithunzi kumaoneka ngati chanyowa, ndipo masiku ano Loweruka lililonse ndimaphunzitsa achinyamata kujambula ndi kulemba nkhani za zithunzi. Naruto ndaionera yonse kawiri, manga ndawerenga kamodzi, ndipo ndimaikonda kwambiri. Nde zimene ndinene apazi zikuchokera kwa munthu woikonda. Amene simunamalize kuonera dziwani kuti ndiulula zambiri.

Tiyambe ndi pamene mwalasa. Kumbukirani ndewu ya Naruto ndi Neji pa mayeso a Chunin, okwezera ma ninja achichepere udindo, bwalo litadzaza. Neji akumasula chitsulo cha pamphumi kuonetsa chidindo chimene anamudinda ali ndi zaka 4, chifukwa chongoti anabadwira ku nthambi yaing'ono ya banja la Hyuga. Bambo ake Hizashi anali mapasa ndi Hiashi, kusiyana kwake kunali kongoti wina anatuluka poyamba, ndipo Hizashi anadzafa m'malo mwa mkulu wakeyo. Nde Neji akamati za munthu zimakhala zitalembedwa kale tsiku lobadwa sankayankhula zongomva, ankanena za pamphumi pake. Naruto anamutsutsa, namuuza kuti iye analephera mayeso omaliza sukulu katatu koma sanasiye. Tonse tinawomba m'manja. Koma taonaninso bwino ndewuyo. Neji anali atatseka malo 64 odutsira chakra, mphamvu imene ma ninja amamenyera nkhondo, m'thupi mwa Naruto, kwa munthu wina aliyense ndewu ikanathera pomwepo, ndipo chimene chinamudzutsa ndi chakra ya nkhandwe ya michira 9 ija, chinthu chimene anamuika m'mimba tsiku lomwe anabadwa. Zoona, nkhonya yomaliza inali nzeru zake, anasiya clone, chifaniziro chake chopangidwa ndi chakra, itagona pansi iye nkukumba dzenje mpaka zikhadabo kutuluka magazi nkutulukira pansi pa chibwano cha Neji. Komabe mwayi woti afike pokumbapo anaupeza ndi chinthu chobadwa nacho. Ndewu imene timati inagonjetsa mfundo ya Neji inali ndi mfundo ya Neji mkati mwake.

Ndiye taonani mndandanda wa ma Hokage. Hashirama woyamba, wachiwiri mng'ono wake Tobirama, wachitatu Hiruzen wophunzira wawo, wachinayi Minato wophunzira wa Jiraiya amene anali wophunzira wa Hiruzen, wachisanu Tsunade mdzukulu wa Hashirama, kenako Kakashi wophunzira wa Minato, kenako Naruto mwana wa Minato, wophunzira wa Kakashi ndi Jiraiya, ndiponso fuko la mayi ake a Uzumaki ndi abale a fuko la Senju, mkazi wa Hashirama anali Mito Uzumaki. Mpando umenewu sunatulukepo pa khomo limodzi. Mwana amene tinkamuona ngati wakunja anali wa pa mtondo penipeni, kungoti sankadziwa.

Pamene ndikusiyana nanu ndi apa. Nkhani yoti khama limaposa mphatso, mukaiyang'anitsitsa, mwini wake si Naruto, ndi Rock Lee. Kanthu n'khama phwiti anakwatira njiwa, mwambi umenewu ukukwanira Lee osati wina. Mnyamata wosatha ninjutsu kapena genjutsu, maluso a chakra amene anzake amadalira, wongodalira thupi lake, uja anavula zitsulo zolemera kumiyendo nkuziponya pansi simenti kuphulika. Ndipo chinachitika ndi chiyani? Anagonja. Gaara anamuphwanya mkono ndi mwendo wakumanzere ndi mchenga, Lee nkuimirirabe atakomoka kale, aphunzitsi ake a Guy nkumukumbatira akulira. Pambuyo pake anachita kulowa opaleshoni ya Tsunade imene mwayi wopulumuka unali theka. A Guy nawonso anatsegula chipata cha nambala 8, malire omaliza a mphamvu za thupi, polimbana ndi mdani wamkulu Madara, anamuvulaza kwambiri koma sanamuphe, ndipo moyo wawo wotsala anakhala pa njinga ya olumala. Nde Masashi Kishimoto, wolemba Naruto, sanatibisire, anationetsa kuyambira koyambirira kuti m'dziko limeneli khama lokha limakufikitsa patali ndithu koma limathyola mafupa ndipo nthawi zambiri silipambana. Ifeyo ndi amene tinatenga uthenga wa Lee nkuuveka Naruto chifukwa ndi amene dzina lake lili pachikuto.

Mnyamata wina m'kalasi mwanga, wa zaka 14, wakhala miyezi akungojambula Lee yekha, makamaka pamene waimirira atakomoka paja, mabandeji atamasuka. Ndinamufunsa kuti bwanji osajambulako Naruto, anati "Naruto amadzuka chifukwa ali ndi chomudzutsa, uyu alibe." Mwana wa zaka 14 anaona zomwe inu mwaonazi.

Nanga nkhani ya Naruto mwini ndi yotani? Ndi ya mwana wokanidwa amene akufuna munthu mmodzi yekha amuone kuti ndi munthu. Bwererani ku episodi yoyamba. Mizuki wamupusitsa kuti abe mpukutu woletsedwa, wamuululira kuti nkhandwe imene inapha anthu ili mwa iye, nkuponya chitsulo chachikulu chija, ndipo mphunzitsi wake Iruka akumuphimba ndi thupi lake, chitsulo nkumulowa pamsana. Iruka yemweyo makolo ake anaphedwa ndi nkhandwe yomweyo. Akulira pamwamba pa mwanayo, akumuuza kuti akudziwa mmene kukhala wekha kumawawira. Pamenepo palibe za magazi a Hokage. Ndipo dzina la Minato silinamudyetsepo Naruto ali mwana, anakula yekha m'kanyumba, akumwa mkaka woti unatha ntchito kalekale, makolo a anzake akukoka ana awo kuti asasewere naye, bambo ake anadzawadziwa ali ndi zaka 16 mkati mwa ndewu ndi Pain. Kurama, nkhandwe ija, nayenso kwa zaka zambiri sanali mnzake, michira inayi itatuluka anavulaza Jiraiya pachifuwa mpaka kutsala pang'ono kufa, nthawi ina anavulaza Sakura. Chimene mukuchitcha mwayi ndi chomwecho chimene chinamulanda ubwana. Nde inu pamene munkadziona pa katungwe paja simunanamizidwe, umasiye wake unali weniweni.

Khama nalo analichita, tisamulande. Rasengan, mpira wa chakra womenyera adani, anaiphunzira ndi mabaluni a madzi ndi mpira wa labala mpaka manja kunjenjemera osatha kugwira timitengo todyera, ku phiri la Myoboku ankamenyedwa ndi ndodo ndi Fukasaku kuti asasanduke chule. Koma ndi khama la munthu amene ali ndi mpamba. Kakashi anamuuza poyera kuti njira yophunzirira ndi ma clone ambirimbiri nthawi imodzi, imene inafupikitsa ntchito ya zaka kukhala ya masiku, ndi iye yekha angaithe chifukwa cha kuchuluka kwa chakra yake, ndipo a Yamato anachita kukhala pambali kuletsa nkhandwe isatuluke. Zili ngati alimi awiri olima mofanana kuyambira m'bandakucha, wina ali ndi matumba a feteleza wina alibe. Wokhala ndi fetelezayo simunganene kuti ndi waulesi, koma iyenso asamauze mnzakeyo kuti nkhokwe yadzaza chifukwa cha khasu lokha.

Za Asura zija nde ndikugwirizana nanu kotheratu, zinali zosafunika. Hagoromo, mkulu wakalekale, bambo wa Asura ndi Indra, kubwera kumapeto kwa nkhondo kudzanena kuti Naruto ndi Asura wobadwanso, mnzake wopikisana naye Sasuke ndi Indra, kuwonjezera pa ulosi wa chule wamkulu kwa Jiraiya woti wophunzira wake adzasintha dziko. Oikira kumbuyo amati Asura anali mwana wopanda mphatso amene anapeza mphamvu podalira anzake, nde zikugwirizanabe ndi Naruto. Ndamva, koma vuto langa lili pena. Ubwenzi wa Naruto ndi Sasuke unali wokoma chifukwa unali wosankha okha, ana awiri amasiye oonana patali pa mtsinje osayankhulana. Ukangoti zinali zolembedwa kuyambira zaka mazana apitawo, wachotsa kusankha kuja. Pamenepa Neji akanakhala moyo akanati mwaona.

Chifukwa chake zinafika pamenepa si chovuta kumvetsa kwa amene analembapo nkhani yaitali. Manga imeneyi inatuluka mu Weekly Shonen Jump kuyambira 1999 mpaka 2014, machaputala 700, mabuku 72, pafupifupi sabata iliyonse chaputala chatsopano, ndipo magazini imeneyi imatsatira kwambiri mavoti a owerenga. Anime yake nayo ili ndi ma episodi 220 kuphatikiza 500 a gawo lachiwiri, Shippuden. M'nkhani za mtundu uwu mdani wotsatira amayenera kuposa wapitayo, nde kuchoka pa Zabuza ndi lupanga lake pa mlatho kufika pa anthu ogwetsa miyala kuchokera kumwamba, wolemba amakakamizika kufotokoza kuti mnyamata wathu mphamvu zofanana nazo azitenga kuti. Kuphunzira ndi mabaluni sikukwananso, njira yachidule ndi magazi ndi ulosi. Ana anga a Loweruka amachita zomwezi, tsamba loyamba ngwazi yawo ndi mwana wosauka wogulitsa mandasi, pofika tsamba 20 wapezeka kuti ndi mwana wa mfumu wosochera. Ndimawauza kuti akatero amupulumutsa mwanayo koma nkhani aipha. Za Minato zokha sindimuimba mlandu Kishimoto, aliyense woyang'anitsitsa nkhope yachinayi pa phiri lija ndi tsitsi la Naruto ankakayikira kuyambira kale.

Koma achimwene, mukandifunsa ine chimene chimandiwawa pa Naruto, si magazi ake. Ndi malonjezo amene sitinaone akukwaniritsidwa. Pa ndewu ija anauza Neji kuti akadzakhala Hokage adzasintha banja la Hyuga. Neji anafa pa nkhondo akutchinga Hinata, mwana wa Hiashi, ndi Naruto, mwana wa nthambi yaing'ono kufera wa nthambi yaikulu ngati bambo ake, chidindo nkufufutika pamphumi atafa. Akuti anasankha yekha, chabwino, koma tsiku limene Naruto anaima pamaso pa akuluakulu a Hyuga kuti mwambo wodinda ana uthe sitinalionetsedwe. Nagato, yemwe ndi Pain uja, amene makolo ake anaphedwa ndi ma ninja a Konoha m'dziko lake la mvula la Amegakure, anamufunsa funso lolemera kwambiri mu nkhani yonse, loti mayiko aakulu akamamenyanirana m'minda ya mayiko aang'ono chilungamo chili kuti. Naruto anavomera kuti yankho alibe, ndipo pamenepo ndinamulemekeza. Kenako Nagato anaukitsa onse amene anawapha ku Konoha nkufa, mudzi nkumunyamula Naruto m'mwamba, funso lija nkutsala pomwepo. Amegakure inapindula chiyani?

Nanga fuko la Uchiha? Itachi, mkulu wake wa Sasuke, anali ndi zaka 13 pamene akuluakulu a mudzi anamusenzetsa ntchito yopha abale ake onse. Danzo, mmodzi wa akuluakuluwo, sanaimepo pa bwalo la milandu, anachita kuphedwa ndi Sasuke. Homura ndi Koharu, alangizi aja, palibe anawafunsa kanthu. Orochimaru amene ankayesera mankhwala pa ana ali moyo, akungoyang'aniridwa patali, mwana wake Mitsuki ali timu imodzi ndi Boruto. Obito amene anachititsa imfa ya makolo a Naruto ndi kuyambitsa nkhondo yonse, Naruto anafika pomutamanda atafa. Kukhululuka ndi kwabwino ndipo mphamvu yeniyeni ya Naruto ndi imeneyo, anasintha Zabuza, anasintha Gaara amene anakula ngati iye mpaka kudzakhala Kazekage. Koma kwathu kuno timati mlandu suola. Naruto amakhululukira munthu mmodzimmodzi m'malo mwa anthu ena amene sanafunsidwe, amasiye a nkhondo ija palibe anawapempha maganizo, ndipo makina opangira ana a zaka 12 kukhala asilikali anawasiya akuyenda. Mwana amene mudzi unamuzunza anakula nkukhala mlonda wa mudzi womwewo osaufunsa mafunso. Kudzudzula kwanga kwakukulu ndi kumeneko, ndipo ndikuganiza kuti nkolemera kuposa nkhani ya khama.

Pali china chimene ndimachenjeza achinyamata, nkhani ya Sasuke. Munthu anakubowola pachifuwa ndi Chidori, iwe nkumalola Karui akumenye nkhope mpaka kutupa chifukwa cha iye, nkukagwada mu chipale pamaso pa Raikage, mtsogoleri wa mudzi wina, kumupepesera. Pa sikirini zimagwira mtima ndipo mapeto ake onse awiri anataya mkono nkugwirizana. M'moyo weniweni ndaonapo achinyamata akukakamira mnzawo kapena chibwenzi chowazunza nkumati sinditaya munthu wanga ngati Naruto. Ayi ndithu, zimenezo musatengere. Pomwe Naruto ankathamangira Sasuke, Hinata anamuuza kuti amamukonda ataima pakati pa iye ndi Pain, nkutsala pang'ono kufa, yankho lake linachita kudikira filimu ya 2014.

Pamene ambiri amamunyoza koma ine ndimamumvetsa ndi mu Boruto, nkhani yotsatira ya mwana wake wamwamuna, tsiku lobadwa la mwana wake wamkazi Himawari. Akuimba, Naruto wanyamula keke, mwadzidzidzi utsi phwii, keke pansi, kani anatumiza clone iye ali ku ofesi. Anthu amati wasanduka bambo woipa. Kwa ine apa nde pamene analembedwa moona, munthu amene sanakhalepo pa tebulo ndi bambo ake angadziwe bwanji kuti kukhalapo kokhako ndi kofunika kuposa ntchito. Zimapweteka kuonera chifukwa zimachitika m'makomo ambiri.

Tsopano muchite chiyani. Kusiya anime chifukwa mwayamba kuona zolakwika si kukula, kuona zolakwikazo ndiye kukulako, nde musasiye pokhapokha ngati simukusangalalanso nazo. Ngati bandulo ikulola, bwererani ku gawo loyamba, kuyambira episodi 1 kudutsa nkhani ya Zabuza ndi Haku, mayeso a Chunin, mpaka ndewu yoyamba ya Naruto ndi Sasuke pa chigwa, muonere ndi maso a zaka 22. Mupeza kuti Shikamaru, Lee, Neji ndi Gaara akukuyankhulani mosiyana ndi kale. Kapena werengani manga, ilibe ma filler, nkhani zongowonjezera za mu anime, ndipo nkhani imayenda msangamsanga, zina zimene zimatopetsa mu anime sizinali za Kishimoto.

Za gulupu ija, sindinaone mmene munalembera, koma ndikudziwa mmene zimayambira. Ukalemba kuti Naruto ndi wabodza, mnzako amene naye anakulira pa katuni yomweyo amamva ngati wanyoza ubwana wake, samvanso mfundo. Bwerani ndi chochitika chimodzi, mwachitsanzo funsani kuti pa ndewu ya Neji, pakanapanda nkhandwe akanapambana ndani, nkuwasiya ayankhe. Siyanitsani Naruto ndi amene anamulemba, zambiri zimene zikukuwawani ndi zosankha za wolemba. Chenjezani musanaulule mapeto, ena amakwiya chifukwa cha chimenecho basi. Ndipo ngati anthuwo afika potukwana makolo kapena kukutsatirani ku inbox, abulokeni, gulupu yotere siyofunika kuipempha kuti ikubwezereni. Ngati ndi anzanu enieni, muimbireni admin pa foni, nkhani za katuni zisathetse ubwenzi wa zaka.

Chomaliza ndi chimene chandikhudza kwambiri mu uthenga wanu, mawu oti mtima ukundiwawa. Kukhumudwa ndi mapeto a nkhani imene inakulera nkwachibadwa, kumatha pakapita masiku. Koma mwina chikuwawa si Naruto, mwina ndi funso loti ine amene ndilibe bambo Hokage ndi nkhandwe m'mimba ndidzafika kuti, ndipo funso limenelo kwa mwana wamasiye wa zaka 22 ndi lolemera, sindilipeputsa. Mukaona kuti papita masabata awiri kapena kuposa tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mwasiya sukulu kapena ntchito chifukwa mukuona ngati kulimbikira kulibe phindu, kapena chisoni cha makolo chabwereranso mwamphamvu, musakhale nazo nokha. Yankhulani ndi agogo ngati alipo, msuweni uja, abusa kapena a shehe amene mumawakhulupirira, ndipo pitani ku chipatala mukafunse anamwino kapena alangizi oona za maganizo, ku Zomba konko alipo. Maganizo ofuna kudzivulaza akangobwera, pitani tsiku lomwelo, musadikire kuti muone ngati atha okha. Ine ndimadziwa za nkhani ndi zojambula, pamenepo mpofunika anthu amene anaphunzira ntchito imeneyo.

Zimene munalemba pa gulupu zija munditumizire ngati simunafufute. Mukalola, ndikufuna ndikawerengere ana anga Loweruka likubwerali popanda dzina lanu, makamaka mnyamata wa Rock Lee uja, tikakambirane kuti akanakhala iwowo chaputala cha Hagoromo akanachilemba bwanji.